Ola la kutchire: zolemba za kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu, 2023/2024

Seputembala 2023

Kalabu yayambiranso. A hedi avomera kuti Lachitatu lililonse ana akaweruka tizikhala nawo panja, ndipo Loweruka limodzi pamwezi tizikwera nawo phiri la Michiru, kuno ku Blantyre. Alembetsa ndi ana a Sitandade 5 mpaka 7, ndipo anyamata ndiwo achuluka. Ndikuthandizana ndi aphunzitsi anzanga awiri komanso agogo ena aamuna a kuno, amene anagwirapo ntchito ya m'nkhalango ali anyamata. Mtengo amauzindikira ndi khungwa lokha ngakhale utayoyola masamba onse. Tikukonzanso zoti kalabuyi ilembetsedwe ku Wildlife and Environmental Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1947 ndipo limagwira ntchito ndi makalabu otere m'masukulu ambiri.

Cholinga ndichilembe pano kuti chisadzatisokonekere. Mitengo tidzala, zinyalala titola, koma chachikulu n'chakuti mwana apeze nthawi yokhala pansi pa mtengo, paudzu, m'mbali mwa khwawa, popanda womutuma. Ana athu ambiri amakhala m'nyumba za lendi zothithikana, bwalo lake ndi pomwe pali chingwe choyanikira zovala ndi mbaula. Phada, fulaye ndi mpira wachikulunga amasewerera mumsewu uku akupatukira njinga za kabaza. Phiri amaliona tsiku lililonse akangotuluka pakhomo. Nditafunsa kuti ndani anakwerako, manja angapo anakwezedwa, ndipo onsewo anapitako kukatola nkhuni kapena kuperekeza achimwene awo. Wopitako kukangoona panalibe.

Choncho pa ulendo uliwonse ndapatulapo ola limodzi lopanda phunziro, lopanda kope, lopanda mafunso ochokera kwa ife. Mwana achite chomwe wafuna, malinga asapitirire pomwe wezulo yanga ikumvekera. Malamulo ena ndi ochepa: agogo patsogolo, osalowetsa dzanja kuuna kapena pansi pa mwala, osadya chilichonse usanationetse.

Okutobala 2023

Tinanyamuka m'mbandakucha kuthawa dzuwa. Michiru ndi phiri la mamita pafupifupi 1,470, ndipo pamwamba sitinalingeko n'komwe. Tinathera m'munsi momwe oyang'anira malowa anatilozera. Tchire linali litapsa, pansi pali phulusa lokhalokha, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu. Koma mitengo ya mombo inali itaphukira masamba atsopano, ofiira ndi ofiirira, anthete. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Agogo, mvula sinagwe, nanga madzi ophukira masambawa yawatenga kuti?" Agogo anamuonetsa pa chigumula pomwe mizu inali poyera, kuti aone kutalika kwake kulowa pansi. Funso lotere m'kalasi sindinalimvepo, ngakhale za mizu timaphunzitsa chaka ndi chaka.

Amene wandichititsa kulemba zambiri mwezi uno ndi mnyamata wina wa Sitandade 5. M'kalasi sakhazikika. Sipatha mphindi zochepa asanatsine mnzake, kugogoda pansi ndi cholembera kapena kupempha kupita kuchimbudzi, ndipo dzina lake silisowa pa mndandanda wa olongolola. Ola la kutchire litayamba anapeza bilimankhwe pa nthambi ya mpoza. Anzake anathawa, ena kutola miyala, iye n'kuwaletsa. Anagona chafufumimba paphulusa pomwepo, chibwano pamanja, mpaka ndinaimba wezulo. Anabwera malaya ali mbuu, nati, "Madamu, diso lina limayang'ana kutsogolo, lina kumbuyo. Koma akaona chiwala onse awiri amatembenukira pamodzi, ndiye amaponya lilime." Anaonadi molondola. Agogo anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mdzukulu wanga," n'kumusasa phulusa kumsana.

Mwana yemweyu timati alibe chidwi. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Michigan ku America, Rachel ndi Stephen Kaplan, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti chidwi cha munthu chili pawiri. China n'chokakamiza, chomwe mwana amagwiritsa ntchito pomvetsera masamu m'kalasi la ana oposa 100, uku akudziletsa kuti asatembenukire phokoso la pawindo. Chimenechi chimatopa, ndipo chikatopa mwana amayamba ndewu ndi chibwana. China chimabwera chokha, chimakokedwa ndi madzi oyenda, mbalame, masamba ogwedezeka, ndipo pamene chikugwira ntchito chokakamiza chija chimapuma. Ofufuza a pa yunivesite ya Illinois anayesa zimenezi pa ana 17 omwe madokotala anawapeza ndi vuto losakhazikika maganizo. Anawayendetsa mphindi 20 m'paki, tsiku lina m'kati mwa tauni, tsiku lina pakati pa nyumba za anthu. Zotsatira zomwe anatulutsa mu 2009 zinaonetsa kuti anawo ankamvetsera bwino kwambiri akachokera m'paki. Ana 17 ndi ochepa, koma zomwe anapezazo ndi zomwe ndinaona ndi maso paphulusa paja.

Novembala 2023

Ndalama ya kwacha yagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 kumayambiriro kwa mwezi uno, ndipo mtengo wa minibasi wakwera nthawi yomweyo. Ndalama yomwe makolo ankasonkha siikwananso. Tagwirizana kuti tiziyenda wapansi, ang'onoang'ono pakati, ndipo tizinyamuka molawirira kuposa kale.

Malachitatu tawathera pa nazale kuseri kwa makalasi. Tikusakaniza dothi lakuda, mchenga ndi manyowa n'kumathira m'machubu. Tafesa mbawa, nsangu ndi mthethe, ndipo ana akubweretsa njere za masuku zomwe adya kunyumba. Tachedwa, nazale imayenera kuyamba chilimwe chisanafike pakati, choncho mbande zina tapempha kwa anthu akufuna kwabwino.

Mayi wina anadandaula kuti mwana wake akubwera kunyumba zikhadabo zili bii. Ndinawauza kuti dothi la pansi pa mitengo si nyansi. Ku Finland ofufuza anatenga dothi la m'nkhalango, udzu ndi timitengo n'kuyala m'mabwalo a sukulu zina za mkaka zomwe kale munali miyala yokhayokha. Patangotha masiku 28, khungu la anawo linali ndi mitundu yambiri ya tizilombo tabwino, ndipo magazi awo anaonetsa kuti chitetezo cha m'thupi chasintha mokomera. Anafalitsa zimenezi mu 2020. Komabe mayiyo ali ndi chifukwa choopera. Kolera inatseketsa sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe kumayambiriro kwa chaka chino, ndipo dothi la pafupi ndi chimbudzi kapena kudzala si lofanana ndi la m'nkhalango. N'chifukwa chake ndowa ndi sopo zili pakhomo pa nazale, ndipo palibe mwana amadya asanasambe m'manja. M'madzi odikha sitilowa chifukwa cha likodzo. Mitsinje ya m'tauni muno, monga Mudi ndi Nasolo, aliyense akudziwa zomwe imanyamula.

Mvula yoyamba itagwa ngumbi zinatuluka pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Ntchito ya machubu inaima yokha, ndipo sindinaletse.

Disembala 2023

Msonkhano wa makolo unali wovuta, ndipo ndiulembe mokwanira chifukwa tsogolo la kalabuyi linali pamenepo.

Nkhani yoyamba inali ya atsikana. Mayi wina anaimirira nati, "Aphunzitsi, Loweruka ndi tsiku lochapa. Ine ndimapita kumsika kukagulitsa, mwanayu akapita kuphiri madzi atunga ndani, ana alera ndani?" Ambiri anavomereza. Palibe amene anafunsa zoti mnyamata akapita kuphiri ntchito yake agwira ndani, chifukwa mnyamata Loweruka amakhala kumpira kale. Apa ndi pomwe pagona kuchepa kwa atsikana m'kalabu. Mtsikana wa Sitandade 6 kuno amakhala panja nthawi yaitali ndithu, koma ali ndi chigubu pamutu kapena mwana kumsana. Kumeneko si kupuma. Ndinapempha Loweruka limodzi lokha pamwezi, ndipo tinagwirizana kuti tizibwerako nkhomaliro isanakwane. Mabanja ena avomera, ena ayi.

Nkhani yachiwiri inali yolemera. Bambo wina anati, "Phiri linapha anthu chaka chomwe chino, inu mukutengera ana athu komweko?" Munali zii. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi aliyense akumukumbukira, matope ndi miyala zomwe zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anafa ndi anthu oposa 1,000. Bamboyo sindinawatsutse. Tawalonjeza kuti nyengo ya mvula sitikwera pamalo otsetsereka, sitiyandikira zigwembe, ndipo kumwamba kukangoda tizibwerera. Tawaitananso kuti adzapite nafe. Bwino aone okha kusiyana ndi kuti timangowauza.

M'kalabu muli mtsikana amene banja lawo linasamukira kuno kuchokera ku Chilobwe namondweyo atapita. Mvula ikayamba kugunda malata m'kalasi amatseka makutu n'kuzyolika. Analembetsa kalabu chifukwa cha mnzake, koma ku Michiru sanapiteko, ndipo sitinamukakamize. Amabwera Lachitatu kunazale. Lachitatu lina agogo anatenga mabotolo awiri a madzi n'kupita ndi ana pa kamtunda ka kuseri kwa sukulu. Botolo lina anathira pamalo pa dazi, madzi n'kuthamanga atasanduka ofiira, atanyamula dothi. Lina anathira pomwe pali udzu ndi masamba owola, madzi n'kulowa pansi mwakachetechete. Mtsikanayo anapempha botolo kuti athire yekha. Anathira, nakatunganso, nathiranso pamalo ena. Sanalankhule kanthu ndipo ife sitinamufunse.

Sindikunena kuti mitengo imachiza chisoni cha mwana amene anaona zomwe iyeyu anaona. Tauza makolo ake kuti akufunika thandizo la odziwa uphungu. Koma malo obiriwira ali ndi gawo lake pa maganizo a munthu. Ofufuza a pa yunivesite ya Aarhus ku Denmark anatsatira anthu pafupifupi 1 miliyoni, pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti kuti aone kubiriwira kwa malo omwe aliyense anakulira. Mu 2019 anapeza kuti okulira malo osowa zomera kwambiri anali pa chiopsezo chokwera mpaka 55 pa 100 chodzadwala matenda a maganizo atakula, ngakhale atachotserapo nkhani za umphawi ndi matenda a kumtundu. Ndikaganiza za ana athu, amene mitengo ya m'dera lawo inatha iwo asanabadwe, chiwerengero chimenechi chimandisowetsa mtendere.

Masuku apsa. Ulendo wa mwezi uno ana anabwerako matumba a yunifolomu ali nyatanyata.

Januwale 2024

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ife tadzala sukulu itangotsegulidwa, m'malire mwa bwalo ndi m'mbali mwa khwawa. Mwana aliyense ali ndi mtengo wake, wakumba yekha dzenje ndipo wautchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi. Mwambo sitinachite. Ndaonapo mitengo yambiri yodzalidwa pamaso pa alendo olemekezeka ikufa Malichi asanathe, chifukwa inalibe mwini.

Bambo aja anafunsa za phiri anabweradi Loweruka. Anayenda kumbuyo kwa gulu osalankhula, mpaka ana atapeza bowa pansi pa misuku. Pamenepo ndi pomwe anatseguka pakamwa. Anagwada, nayamba kusiyanitsa ndelema ndi manyame, nauza ana kuti bowa amene sukumudziwa sumulawa ngakhale atakongola chotani. Anakulira ku Neno, ndipo mwana wawo weniweni samadziwa kuti bambo ake amadziwa zonsezi. Pobwerera ndiwo anali patsogolo ndi agogo.

Febuluwale ndi Malichi 2024

Mvula yadula. Akuti ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific komwe kumasokoneza kagwedwe ka mvula. Chimanga m'minda ya m'mbali mwa phiri chinafota chisanamasule, ndipo pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Mbande zathu zinayamba kuwerama. Ana anayamba kubwera ndi madzi otsukira mbale m'mabotolo kuchokera kunyumba, aliyense kuthirira wake asanalowe m'kalasi. Sitinawatume. Agogo anawaphunzitsa kuboola kachibowo pa chitsekerero n'kukwirira botolo chadodolido pafupi ndi tsinde kuti madzi azidontha pang'onopang'ono, ndi kuphimbira udzu wouma pamwamba. Mbawa zambiri zafa, nsangu ndi mthethe zikulimba. Mnyamata wina mtengo wake utauma analira ndithu, ndipo anzake anamugawira kuti azithirira nawo wawo.

Njala yalowanso m'kalabu. Pa ulendo wa Febuluwale mwana wina anachita chizungulire tisanafike n'komwe m'munsi mwa phiri. Anali asanadye kuyambira dzulo lake masana. Zabwino zonse zomwe ndikulemba m'buku lino zimafuna mwana amene wadya. Mwana wanjala ukamuyendetsa padzuwa ukumuzunza. Kuyambira pamenepo sitinyamuka popanda phala. Aphunzitsi atatufe tikusonkha ufa wa mgaiwa ndi nsinjiro, ndipo amayi awiri a komiti akuphika m'mamawa. Loweruka lomwe ufa wasowa, ulendo umalephereka, timangokhala pakhwawa pafupi ndi sukulu.

Mtsikana wa ku Chilobwe uja anapita nafe mu Malichi. Anagwira dzanja la mnzake njira yonse. Tsikulo kumwamba kunali kopanda mtambo.

Epulo 2024

Mkulu wina wa komiti, munthu wofunira sukulu zabwino, wapempha kuti ola la kutchire tilisandutse nthawi ya mafunso ndi mayankho, kuti ana azikonzekera mipikisano ya makalabu ndipo pakhale choonetsa mu lipoti. Anati, "Madamu, makolo akamva kuti ana amangokhala, adzati tikuwatayitsa nthawi."

Ndinakana, ndipo ndipitiriza kukana. Mipikisano tikhoza kukonzekera Lachitatu. Koma mwana wa kuno tsiku lake lonse ndi lolamulidwa: tunga madzi, sesa, thamanga wachedwa, khala chete, lemba, pita kuchigayo. Ola lija ndi lokhalo lomwe amasankha yekha. Ndawaona mmene amaligwiritsira ntchito. Ena amakwera mkuyu, ndipo amaphunzira okha kuyesa nthambi ndi phazi asanaiponde ndi thupi lonse. Ena amatseka kamtsinje ndi miyala, kukangana, kugwirizana, kugumula n'kuyambiranso. Atsikana atatu amanga kanyumba ka masanje komwe amakawonjezera mwezi uliwonse. Wina amangogona chagada kuyang'ana akabawi akuzungulira. Ndewu zimabuka, koma zimatha msanga kuposa za pabwalo la sukulu, mwina chifukwa malo ndi aakulu ndipo palibe cholimbirana. Ndaonanso kuti kutchire atsogoleri amasintha. Mwana amene m'kalasi amakhala kumapeto kwa mndandanda wa mayeso ndi amene amadziwa kulira kwa pumbwa ndi kwa njiwa, ndipo anzeru a m'kalasi amamutsatira pambuyo kumufunsa. Mwana wotere amabwera Lolemba ataongoka khosi.

Malegeni tinaletsa kuyambira pachiyambi. Miyezi yoyamba ndinkalanda angapo ulendo uliwonse, pano sakubweranso nawo. Mnyamata wa bilimankhwe uja ndiye wasanduka wolondera zisa.

Ndinauzanso komiti za thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 60 patsiku. Ana athu amayenda kwambiri, pamenepo sitikuchepa, koma kuyenda pamiyala, kudumpha khwawa ndi kukwera mtengo kumalimbitsa minofu ndi kukhazikika kwa thupi mwa njira yomwe msewu sungathe. Za maso ndi zomwe zinawadabwitsa. Diso la mwana likamakula limafuna kuwala kwambiri. Kuwala kwa panja, ngakhale pamthunzi, kumaposa kwa m'kalasi kakhumi kapena kupitirira, ndipo kumachititsa kuti m'diso mutuluke mankhwala achilengedwe a m'thupi otchedwa dopamine, amene amaletsa diso kutalika mopitirira muyeso. Diso likatalika, mwana saona patali. Ku Guangzhou m'dziko la China anawonjezera mphindi 40 zokhala panja tsiku lililonse m'masukulu ena a pulayimale. Patatha zaka 3, ana 30 pa 100 ndiwo anayamba vuto losaona patali, pomwe m'masukulu omwe sanasinthe kanthu anali pafupifupi 40 pa 100. Dziko la Taiwan linayamba mu 2010 kulimbikitsa masukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 patsiku, ndipo vutoli, lomwe linkangokwera chaka ndi chaka, linayamba kutsika. Kwathu kuno silinafike pamenepo. Koma ndikuona ana a Sitandade 7 akuweruka m'kalasi la mdima n'kulowa m'chipinda china cha patitayimu mpaka madzulo, kenako foni ya amayi awo kumaso mpaka tulo. Magalasi a maso makolo athu ambiri sangawakwanitse.

Komiti yavomera kuti ola lija likhale momwe lilili mpaka chaka chithe.

Meyi 2024

Mwezi wa mayeso a Sitandade 8. Makalasi atengedwa, aphunzitsi tatanganidwa, ndipo kalabu yakumana mwa apo ndi apo. A Sitandade 7 ambiri asiya kubwera Lachitatu chifukwa cha patitayimu. Ndalankhula ndi aphunzitsi awo, ndipo avomera kuti Lachitatu aziwamasula msanga.

Juni 2024

Tafika pamwamba. Tinadikira tsiku lopanda chiperoni, tinanyamuka kukuzizira, ana atavala majuzi obwerekana. M'njira tinapeza ndowe zoyera mbee pamwala, ndipo agogo anati ndi za fisi, zimayera chifukwa amatafuna ndi mafupa omwe. Ana anazizungulira, kenako anayamba kufufuza mapazi pafumbi. Anapeza a anyani ndi a gwape, ndi munga wa nungu womwe anaupatsirana m'manja mpaka kunyumba. Anyamata awiri anadutsa pa chitedze ndipo anakanda mpaka misozi. Tinawapaka dothi louma, ndipo gulu lonse tsopano likudziwa maonekedwe a nyemba zaubweya zija kuposa momwe bolodi likanawaphunzitsira.

Pamwamba panali phokoso la ana ofuna kupeza denga la kwawo. Bwalo la ndege la Chileka linkaoneka bwinobwino, kutali kuli Mulanje. Agogo anawalozera phiri la Ndirande nati ali mnyamata linali ndi nkhalango yowirira, ndipo inatha m'zaka za m'ma 1990. Ana ankaganiza kuti linalengedwa ladazi choncho. Analozeranso Soche. Mtsikana uja anayang'ana nthawi yaitali, kenako analoza ndi chala chake n'kuuza mnzake kuti, "Kwathu kunali apo."

Potsika tinakumana ndi uvuni wa makala ukufuka, mozungulira muli zitsa zatsopano za mombo, zina zikudontha utomoni. Ana anakwiya. Wina anati anthu otentha makala ndi mbava, amangidwe onse. Ndinaona mnyamata wina wa Sitandade 6 atatsalira kumbuyo, akukumba pansi ndi chala cha kuphazi. Ndikudziwa kuti fizi ya mlongo wake wa kusekondale imachokera m'matumba a makala omwe bambo ake amatsika nawo panjinga usiku. Agogo anazindikiranso. Anafunsa gulu kuti, "Adzukulu anga, nsima ya dzulo kwanu anaphikira chiyani?" Onse anati makala, kupatula awiri a nkhuni. "Ndiye mbava ndi ndani?" Panalibe woyankha. Anawauza kuti chitsa cha mombo sichifa, chimaphukiranso ngati moto ndi nkhwangwa zitachipatsa mpata zaka zingapo, ndipo anawaonetsa zitsa zakale zomwe zatulutsa mphukira zotalika kuposa munthu. Mnyamata uja ndiye anafotokozera anzake kuti pa mphukira zambiri umasiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina n'kudula, kuti zikule msanga. Anaphunzira kwa bambo ake.

Sindikufuna kalabu yomwe imaphunzitsa mwana kunyoza kholo lake. Pafupifupi mabanja onse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo chaka cha njala ngati chino okwera phiri ndi nkhwangwa amachuluka. Zimenezi ana a Sitandade 6 sangazithetse. Chomwe ndikufuna n'chakuti phirili alidziwe mbali zonse, uvuni ndi bilimankhwe yemwe, lisanathe.

Julayi 2024

Tatseka chaka. Mitengo yomwe yapulumuka ndi pafupifupi theka, yambiri nsangu ndi mthethe. Ana okhala pafupi agawana masabata othirira patchuthi, ndipo alonda avomera kuwatsegulira geti m'mamawa. Atsikana awonjezekera poyerekeza ndi Seputembala, ngakhale sanafanane ndi anyamata. Aphunzitsi a Sitandade 5 anandiuza okha kuti Lachinayi m'mamawa kalasi lawo limakhala lodekha kuposa masiku ena, ndipo apempha kuti teremu ikubwerayi phunziro limodzi pasabata azikaphunzitsira pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa ofesi. A hedi avomera.

Nazale tiyamba mu Ogasiti kuti mbande zidzakhale zitakhwima pofika Disembala. Njere za mbawa agogo atola kale ndipo zili m'chitini kwawo, machubu tisonkhanitsa mapepala a shuga ndi a mkaka. Vuto lomwe latsala ndi phala ndi nsapato. Ana angapo akukwera phiri ndi masilipasi, ndipo chilimwe miyala imaotcha. Nkhani ziwirizi ndazilemba pa mndandanda wa msonkhano woyamba wa makolo, pamodzi ndi pempho loti a Sitandade 8 asachotsedwe m'kalabu, azipita nafe Loweruka limodzi pateremu ngakhale mayeso ali pafupi.